Batire la a Chigayo

Malume anga ndi ometa tsitsi, ndipo msewu wonse umawatcha a Chigayo. Dzinali linabwera chifukwa cha mkonono. Akagona malata ankanjenjemera, kenaka zii, mpweya wasiya, mpaka akazi awo, azakhali, awagwedeze kuti apume.

Adokotala anati pakhosi pawo pamatsekeka akagona. Anawapatsa kamakina kopopa mpweya, kokhala ndi chipaipi chovala pamphuno. Tsiku loyesa, azakhali anaseka mpaka kukhala pansi.

"Makolo anga anandipereka kwa munthu, lero ndaona njovu pabedi!"

Vuto linali magetsi, omwe kwathu amabwera ngati mlendo. Malume anaitana mayi wina woika masola. Mayiyo anatembenuza kamakinako, kuwerenga mphamvu imene kamadya, n'kufunsa:

"Bambo, mumagona nthawi yaitali bwanji? Batire timayeza ndi tulo tanu, sola timayeza ndi batirelo."

"Ine? Tulo n'ta alesi, mayi. Ndimangotsinzina pang'ono."

Azakhali anatsokomola. Malume anawaponyera diso, chifuwa chinatheratu pomwepo. Mayiyo anayesa kuwachenjeza, koma malume anakakamira kabatire kakang'ono, kolingana ndi kutsinzinako.

Sabata isanathe anafika kuntchito maso ali psuu, n'kumeta kasitomala wina nsidze imodzi. Kabatire kankatha iwo tulo tili pakati.

Mayi uja atabweranso anapeza zina. Pabatire la wodwala panali patalumikizidwa wayilesi, makina ometera, ndi mafoni a anzawo ocheza nawo pakhonde.

"Bambo, ili ndi batire la mapapo anu, si chitsime cha anthu onse."

Ulendo uno sanawafunsenso malume. Anatembenukira kwa azakhali.

"Amayi, ndiuzeni inu."

"Amagona nkhuku zisanalowe, amadzuka ana atapita kale kusukulu. Muwerengerenso la Mulungu masana."

"Ukundivula pamaso pa mlendo, mkazi iwe!"

"Ndikukupulumutsani, bambo a mwana."

Mayiyo anawonjezerapo za masiku a mitambo, n'kubweretsa batire lalikulu ndi sola yachiwiri padenga. Batirelo analitsekera m'bokosi, kiyi n'kupatsa azakhali.

Masiku ano malume amadzuka ndi mphamvu, ndipo mphamvu yonseyo imathera pakamwa. Munthu amalowa kudzameta ndevu zokha, amatuluka atamva za mawaya, za dzuwa, za mitambo. Malume amauza aliyense kuti kukula kwa batirelo anawerengera okha, pamutu.