Chifuwa cha Banog

Banog anali msuweni wanga, mwana wa amalume, ndipo ndinene mosabisa kuti ndinkamuchitira nsanje kuyambira tili ana. Tinabadwa chaka chimodzi pachilumba chathu cha Panay, koma msinkhu ndi mphamvu zonse zinapita kwa iye. Ine ndinatsala ndi mwendo wotsimphina ndi ntchito ya bambo anga yotema mphini.

Kwathu mwamuna satemedwa mphini mwachisawawa. Zimayambira mu akakolo n'kumakwera malinga ndi zimene wachita kunkhondo, ndipo za pachifuwa n'za munthu amene wachita chachikulu anthu akuona. Ndiye taganizani, ine tsiku lonse ndili ndi munga wa ndimu ndi mwaye, kukongoletsa matupi a anzanga, langa lili mbee. Banog ndinamutema ndekha mpaka m'chiuno.

Tinkafuna mkazi mmodzi, dzina lake Silay. Ine ankandipatsa moni ngati mlongo wake, basi. Bambo ake anali atanenetsa kuti mwana wawo adzapita kwa mwamuna wa mphini pachifuwa.

Kenako azungu a ku Sipeini anabwera kudzatola amuna opalasa ngalawa. Achifwamba a panyanja ochokera ku China anali atawotcha mzinda wa Manila n'kukamanga linga kumpoto, pomwe mtsinje wa Agno umathira m'nyanja. Banog anakwera woyamba. Ine ananditenga kuti ndizikaphika mpunga. Tili m'njira, wansembe wa azunguwo anayamba kuthira anthu madzi pamutu, ndipo tonse tinati amenewa ndi mankhwala oletsa zipolopolo.

"Msuweni, siya mphikawo udzakhwime," anatero Banog, madzi ali chuu kumaso.

"Chipolopolo chidzafuna chiyani kwa wophika?" ndinamuyankha.

Zimene anachita kumtsinjeko ndinaziona ndi maso angawa, dzuwa lili paliwombo. Anasenza mphika wa makala amoto, n'kusambira nawo mivi ikugwa uku ndi uku, mpaka anakauponya m'chombo cha achifwamba. Chombo chinayaka, n'kuyatsanso chinzake. Mphikawo unali wanga, makala ndinakoleza ndine, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula zimenezo. Achifwambawo tinawazinga miyezi inayi, mapeto ake anakumba ngalande n'kutithawa, koma nyimbo ya Banog inali itafika kale kwathu.

Akuluakulu anagwirizana kuti atemedwe pachifuwa, tsiku n'kuikidwa. Wotema anali ine. Manja angawa amupatse Silay! Ndinalephera kudya masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinatsimphina kupita kwa wansembe, amene tsopano ankakhala m'mudzi mwathu, ndipo kudzera mwa womasulira wake ndinamufunsa ngati munthu wothiridwa madzi amaloledwa kutemedwa mphini. Ndinafunsa ngati wosadziwa kanthu, dzina la Banog n'kulitchula kawiri.

Madzulo ake Banog anafika pakhomo panga nkhope ili yakugwa.

"Msuweni, bisa minga yako. Akuti thupi langa tsopano n'la Mulungu wawo. Ndikatemedwa, madzi amene anandipulumutsa aja andisandukira."

"Pepa, msuweni," ndinatero, mumtima ndikuvina.

Ndinavina masiku asanu okha. Silay anadzuka yekha kupita kwa wansembe, anathiridwa madzi, ndipo wansembeyo anawakwatitsa ndi Banog osafunsa n'komwe bambo ake. Akuluakulu anangoti kukamwa yasa. Njira imeneyo ndinawalambulira ndine.

Anabereka ana asanu ndi mmodzi. Banog anapalasira azungu ngalawa zaka makumi awiri, ndipo ngakhale kutenthe bwanji sankavula malaya. Anzake akamamwa uchema zifuwa zili pamtunda, iye ankakhala kumapeto kwa mphasa atapinda manja. Ndikamuona choncho mtima unkatsika pang'ono, koma Silay akatulukira kudzamuitana kuti akadye, nsanje inkabwerera pomwepo. Anyamata nawo anayamba kuthiridwa madzi mmodzimmodzi, ntchito yanga n'kufa. Sindinakwatire.

Banog anamwalira ndi chifuwa chachikulu, tonse tili ndi imvi. M'mawa mwake Silay anabwera kwanga koyamba m'moyo wake.

"Alamu, tengani minga ndi mwaye wanu."

"Nanga wansembe?"

"Musandiuze za wansembe inu. Womasulira anandiuza kalekale amene anapita kukafunsa. Munamumana ali moyo, koma sapita kwa makolo chifuwa chili mbee. Akamuzindikira bwanji?"

Ndinatema mpaka dzuwa kupendeka, zitseko zili zotseka. Khungu lozizira silimwa mwaye msanga, mzere uliwonse ndinkaubwereza katatu. Ndinaika moto pansi pa nthiti, mafunde m'mapewa. Sindinatemepo mphini zokongola ngati zimenezo, ndipo ndinkayembekeza kuti Silay anena mawu amodzi okha, kaya otukwana. Silay anakhala pambali pa mwamuna wake, chala chake chikutsata mizere ija pang'onopang'ono.

"Mwatha?" anafunsa osadzutsa mutu. "Mukamatuluka mutseke chitseko."