Chaka chimene ndinkathirira misuku

Mvula yoyamba ikagwa, pansi pa misuku pankamveka fungo la masamba onyowa losakanikirana ndi kafungo konga ka chimera. Kwathu kwa Makhuwira mapiri amathera kuseri kwa nyumba, ndipo pamtsetse womaliza panali kankhalango kamene amayi ankakatcha dimba lawo, ngakhale sanadzalepo kanthu. Ndinkawatsatira ndi lichero. Ankavundukula masamba ndi kamtengo, bowa n'kuonekera: ndelema yoyera ngati mazira, manyame ofiirira chapatali. Kunsi kwa masambawo kunkakhala timaulusi toyera tonga ukonde wa kangaude, tolowa m'nthaka mpaka kumizu. Amayi akazula bowa ankabwezerapo masamba mosamala, ngati akufunditsa khanda.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4 mvula inakana. Khirisimasi inadutsa kumwamba kuli mbee. Nthaka inkaotcha mapazi mpaka tinkathamanga kuchoka pamthunzi wina kukaima pa wina, ndipo masamba a m'kankhalango kaja ankafumbutuka m'manja ngati fodya wouma. Kenako kunabwera namondwe. Mvula imene tinkayenera kulandira nyengo yonse inagwa m'masiku owerengeka. Mtsetse unagumuka, dothi lakuda lonse linapita ku Shire, m'munda mwathu mwa mapira n'kutsala mchenga wofika m'mawondo. Misuku ina inagwa, yotsalayo mizu ili pamtunda ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Bowa sanamere. Tinkadya nyika, mizu ya zomera za m'madzi, zimene amayi ankakazula kudambo, zowawa kukhosi, ndipo iwo, poti kwawo kunali kwa Mbenje, ankangonena m'Chisena kuti, "Nyatwa basi," kutanthauza mavuto okhaokha.

Madzi ataphwa, bungwe lina linabweretsa mbande za misuku m'machubu akuda kuti tibwezeretse mitengo pamtsetse. Ababa anakumba maenje m'miyala mpaka manja kuchita matuza, n'kudzala gawo lathu lonse. Kuthirira kunali kwanga. Mjigo wapafupi unali utakwiririka, choncho ndinkatunga kumudzi wina, m'mawa ndisanapite kusukulu ndiponso dzuwa likapendeka. Ndimakumbukira chigubu chachikasu chikuguguda pamutu, madzi akutsikira m'khosi, mchenga ukulowa m'ming'alu ya kuzidendene. Ndinkathira pang'onopang'ono kuti dontho lisatayike. Mbandezo sizinakule. Masamba anasanduka achikasu, kenako ofiirira m'mbali, kenako ankangothothoka ndikawakhudza.

Tsiku lina kunabwera bambo wa kubungwe kuja pagalimoto yoyera kudzaona ntchito. Anthu anasonkhana pamtsetse, iye n'kumayenda pakati pa maenje akusamala nsapato zake. Anaima pagawo lathu, anakankha mbande imodzi ndi phazi.

"Vuto lanu anthu a kuchigwa ndi ulesi," anatero. "Munazolowera kulandira. Ngakhale kuthirira mtengo mukufuna tidzakuchitireni?"

Ndinayang'ana ababa, ndikudikira kuti anene za matuza awo, za mjigo wokwiririka, za ine. Iwo anavula chipewa, anatembenukira kwa ine pamaso pa anthu onse aja.

"Iwe Esinala, madzi aja umakathira kuti?"

Kunyumba ababa anathyola kanthambi ka bwemba n'kundikwapula m'miyendo. Amayi anawagwira dzanja, anandivula duku, n'kuwaweramitsira mutu wanga. Paliwombo, pamene pankakhala nkhata, tsitsi linali litatha.

"Taonani apa," anatero amayi. "Mwana wosatunga madzi amakhala ndi mutu wotere?"

Ababa anataya kanthambi kaja n'kutuluka. Sanapepese, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso.

Kutacha ndinasiya chigubu pakhomo n'kupita kumtsetse chimanjamanja. Ndinazula mbande zonse za gawo lathu, zouma ndi zimene zinali zikadapuma, n'kuziponya m'chigwembe chimene madzi anakumba. Sizinkalimba n'komwe. Mizu yake inali yopyapyala, yambee ngati yotsukidwa, yopanda kaulusi ngakhale kamodzi. Ndinaziona zimenezo koma sindinaziganizire, chifukwa mtima unali pa kuphwanya. Nditamaliza ndinakhala pamwala wotentha, ndikudikira kuti wina abwere adzandifunse. Sanabwere munthu. Kwa miyezi ingapo ababa ndinkangowayankha "inde" ndi "iyayi", ndipo madzi osamba ndinkawaikira osagwada.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti nthaka inadana nane, ndiponso kuti ababa anasankha mlendo m'malo mwa mwana wawo. Ndinali wamkulu kale, wa ana anga, pamene ndinamva kuti msuku sudya wokha. Timaulusi tija ndi thupi lenileni la bowa. Timaulusito timakuta mizu, timautengera mtengo madzi ndi chakudya kuchokera kumene mizu siifika, mtengo n'kumapatsa bowayo zotsekemera zake. Dzuwa lija linaotcha timaulusito, madzi aja anakokolola totsala pamodzi ndi dothi, ndipo mbande zathu zinadzalidwa pamalo pamene panalibenso woti azidyetse. Ndikanatha kutunga Shire yense, zikanafabe.

Mkwiyo sunathe, unangosamuka. Ababa ndimawaona tsopano mmene analili: munthu wanjala, munda wake uli pansi pa mchenga, akunyozedwa pamaso pa anzake ndi munthu amene sakanatha kumuyankha, n'kutembenukira kwa yekhayo amene anali wamng'ono kuposa iye. Anamwalira akuganizabe kuti mwina ndinkataya madzi panjira. Amene utsi wa mafakitale awo unasokoneza mvula yathu amakhala kutali, sadziwa kuti kuli Makhuwira, ndipo pamtsetse paja tsiku lija panalibe ndi mmodzi yemwe woti afunsidwe. Anafunsidwa ndine, wa Sitandade 4.