Jenerali ndi Makombola a ku Holo

Anzanga, ine ndinakumana naye nditagwada pamsewu, mutu uli pansi pa galimoto ya munthu amene sindimudziwa n'komwe.

Ndinkakoka galu wathu, Jenerali. Dzina lokhalo ndiye loopsa, galu mwiniyo akamva makombola amasanduka kamwana. Kuseri kwa nyumba yathu anatsegula holo ya maukwati, ndipo nthawi zambiri Loweruka dzuwa likangolowa amaphulitsa makombola. Tsiku limenelo Jenerali analumpha mpanda n'kukabisala pansi pa galimotoyo, thupi lonse likunjenjemera.

"Sisi, musamukoke. Akulumani asakufuna."

Nditadzutsa mutu ndinaona mnyamata wamtali wamagalasi. Anakhala pansi pafumbi, galuyo osamuyang'ana, n'kumangoyankhula motsitsa ngati akucheza ndi tayala. Patapita kanthawi Jenerali anatuluka yekha n'kutsamiritsa mutu pamwendo pake.

Mtima wanga unangoti myaa. Galuyu anali wa malemu bambo anga. Iwo atapita, chawo chopuma chimene chinanditsalira ndi iyeyu basi.

Mnyamatayu ndinamutcha Ticha, chifukwa kuyambira pamenepo ankabwera kudzatiphunzitsa. M'foni mwake munali phokoso la makombola. Ankaliyatsa volume ili pansi penipeni, uku akumupatsa Jenerali tizidutswa ta soseji. Sabata inayo ankakweza pang'ono. Anamukonzeranso kobisala pansi pa tebulo la kuchipinda kwanga, anafunditsa bulangete n'kuikamo juzi yakale ya bambo.

Nditaona juziyo ndinalira. Iye anangondigwira dzanja. Zinayambira pamenepo...

Mayi ankatiseka. "Sukulu ya galu ameneyu siitha? Akufuna atenge degree?"

Ticha ankangokanda mutu. Ine ndinali nditapita kale, anzanga, musandifunse.

Loweruka lokha sankabwera, ankati ali ndi ganyu. Koma masana ankatumiza message yoti lero aphulitsa, ndimulowetse Jenerali msanga, nditseke makatani, ndiyatse wailesi. Ankati ali ndi mnzake ku holoko. Ine ndinkati Mulungu wandipatsa munthu wosamala.

Panali chinthu chimodzi chimene ankabwerezabwereza. Ankati Jenerali wachira, wotsala ndine. Eti ndikangomva kuti lero kuli makombola ndimayamba kuzungulirazungulira m'nyumba, galu n'kumandiwerenga nkhope. Ndinkangoseka, ndinkayesa ndi zocheza.

Loweruka lina message inabwera: "Lero kulibe babe, relax."

Ndiye ndinachitadi relax. Ndinamusiya Jenerali pabwalo akusewera, ine ulendo wa ku salon.

Mutu utalukidwa mbali imodzi ndinangomva phuu! Mawindo a salon mpaka kugwedera. Ndinathamanga choncho, tsitsi lina lili yakayaka, chipeso chili m'mutu.

Pabwalo panalibe galu. Pawaya wa pamwamba pa mpanda panatsala ubweya ndi magazi.

Ndinaitana mpaka mawu kusasa. Kenako ukali unandigwira, ndinalunjika ku holo kuti ndikawalalatire. Kuseri kwa holoyo ndinapeza munthu atavala chovala chonyezimira cha pantchito, atagwada, akulongedza mapaipi a makombola m'katoni, utsi ukadali tolo.

Anatembenuka. Magalasi aja.

Anzanga, mpaka lero sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji.

"Mnzako wa ku holo uja ndi ameneyu?"

"Ndimafuna ndikuuze, koma ndimaopa kuti..."

"Wandiuza kuti lero kulibe."

"Ndimayesa kuti uli naye kunyumba. Ndimati usadziwe, ukhale phee, naye akhala phee. Makombola a m'foni samawaopanso. Ndimafuna uone wekha kuti wachira."

"Ndinali ku salon. Jenerali kulibe."

Katoni ija inamupulumuka m'manja.

Anandiuza zonse pomwepo. Kuti tsiku loyamba lija anaphulitsa ndi iye yemwe, anaona galu akudutsa ngati mphepo n'kumutsatira chifukwa chikumbumtima chinamupweteka. Kuti za agalu anachita kuwerenga pa intaneti chifukwa cha ife. Kuti foni ilibe fungo la wonga, ndiponso siigwedeza nthaka, koma zimenezo wazizindikira lero.

Ndinamusiya akuyankhula.

Masiku otsatirawo sindinkadya. Iye ntchito sanapitenso, ankayenda m'misewu ndi paketi ya soseji, akuimba likhweru, akusuzumira m'ngalande ndi pansi pa magalimoto. Mafoni ake sindinkayankha. Mayi anati munthu woipa sangachite zimenezo. Ndinawayankha kuti munthu wabwinonso sanama choncho. Pa awirife palibe amene analakwa kunena.

Ticha anamupeza Jenerali kuseri kwa garaja ina, mwendo utachekeka, ataonda. Anayamba wapita naye kwa dokotala wa ziweto, kenako anabwera naye atamunyamula m'manja mpaka pageti.

Ndinalandira galu wanga. "Zikomo," ndinatero. Ndinatseka geti iye ali panja.

Tsopano mundiuze inuyo. Sanandizembere ndi mkazi wina. Sanandinyoze. Chilichonse chabwino chimene Jenerali akudziwa anamuphunzitsa ndi iye. Koma anakhala pansi, n'kuganiza yekha, n'kuona kuti ine ndisadziwe zoona pa chinthu chokhacho chimene ndinali nacho. Mawa akadzatinso relax, ndidzamva chiyani?

Ndimamukondabe, zimenezo sindibisa. Ndimamudanso, nthawi zina mphindi yomweyo.

Pano ndikulemba, Jenerali wagona pageti ndi bandeji yake, mphuno waika pampata wa pansi. Akamva mapazi a munthu wamtali amagwedeza mchira n'kundiyang'ana kuti nditsegule.

Jenerali anamukhululukira kalekale. Koma amene ananamizidwa si iyeyo, ndi ine.