Aneba Anga ndi Pulasitiki ya pa TV

Aneba anga a kuseri kwa mpandawu sachotsa pulasitiki pa chinthu chilichonse chimene agula. Mipando ya pabalaza imalira ukaikhalira, rimoti imakhala m'kajumbo, ndipo galasi la TV yawo likadali ndi pulasitiki yakufakitale, yofiira ndi fumbi la zaka zisanu. Ukawafunsa amati, “Chinthu ukachivula sichikhalitsa.”

Mwezi watha anakagula makina oonetsera madisiki, aja amaonetsa ngakhale thukuta la munthu, kuti aonere bwino ukwati wa mwana wawo wamkazi. Posankha ankanyamula m'manja amodziamodzi, poti kwa iwo olemera ndiwo enieni. Atafika nawo anandiitana, tinalumikiza chingwe kumbuyo kwa TV, kenako masipika. Mawu anamveka bwinobwino, koma chithunzi chinali ngati cha m'chifunga.

“Andibera a kusitolo aja,” anatero, n'kukasintha makinawo. Achiwiri chimodzimodzi. Anagula chingwe china, osathandiza. Ine vuto ndinkaliona, koma m'nyumba ya eni pakamwa pamalemera.

Tsiku lachitatu akazi awo anatopa nazo. Anangonyamuka, kugwira pakona pa galasi, n'kuimatula pulasitiki yonse. Pomwepo panaoneka bambo wa suti akuvina, dazi likunyezimira, batani la pamimba litatsala pang'ono kuthawa.

Aneba anayang'anitsitsa.

“Mayi, ameneyo ndi ndani?”

“Ndinu, bambo.”

Aneba analoza pansi.

“Tatolani pulasitikiyo muibwezere.”