Kachipangizo ka a Malume Kakana Kugona

Moni nonse. Mbatatesi ya amayi aang'ono kudimba la ku Tsangano yafota, ndipo chifukwa chake tachipeza lero m'mawa.

Mukukumbukira tizipangizo toyeza chinyezi timene Chisomo anaika m'madimba mwathu. Kamkulu kali pa pampu, ndipo kamaiyatsa kakamva kuti nthaka yauma. Tiwiri ta sola sitigona, timangopatsira uthenga; kamodzi kali m'dimba mwa alamu awo a malume. Totsalato ndi ta mabatire: timagona, n'kudzuka pang'ono kunena ngati nthaka yauma, n'kugonanso.

A malume atamva kuti ka m'dimba mwawo kali m'gulu la ogona, anakana. "Ine mwini mbumba sindinagonepo masana. Kanga kazigona, ka alamu kali maso?" Chisomo, mwana waulemu, anakakweza udindo kukhala kopatsira uthenga, n'kukaikira kasola kuti batire lisathe. Ka amayi aang'ono, poti tinzake tili kutali, kanayamba kudutsitsa uthenga wake pa ka a malumeko.

Lero takapeza bwana watsopanoyo, kachipangizo ka a malume, ali zii, batire litatheratu. A malume anamumangira kadenga kaudzu, kofolera bwino kuposa khola lawo la mbuzi, kuti asapse ndi dzuwa. Kasolako kali pansi pa kadengako, pamthunzi wabwino. Sabata yonse ka amayi aang'ono kakhala kakudandaula ludzu kwa bwana wakufa, pampu osamva kanthu.

Panopa amayi aang'ono akuthirira ndi ndowa, ndipo salankhula ndi mlongo wawo. Chisomo abwera mawa kudzasasula kadengako ndi kubwezera kachipangizoko ku gulu la ogona.

Tsono abale, ndani akawauze a malume kuti atsitsidwa udindo? Achimwene, oyamba kubadwa ndinu.