Filimoni Tinamuika ndi Nyimbo

Ndinadzuka kukali mdima, ngati kuwodzera pa mpando panja tingakutche kugona. Kunali mphepo ya Ogasiti, ija imalowetsa fumbi la komboni yathu ya Rimuka, muno mu Kadoma, mpaka m'mano. M'nyumba munali mtembo wa mng'ono wanga Filimoni, umene tinakatenga kuchipatala ku Chegutu dzulo lake, ndipo amayi a mvano anali ataimba mpaka mawu kusasa. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma izi ndilemba ndekha, chifukwa anthu ayamba kale kuzinena mokhota.

Mtima wanga unali pa chinthu chimodzi. Abusa athu ndi atsopano, achinyamata, ndipo madzulo anali atandiitanira pambali. Anati amva kuti agule a ku Battlefields akubwera kudzaperekeza maliro, ndipo ng'oma ikangolira kamodzi, iwo atseka Baibulo n'kumapita ndi mpingo wonse. Ndiye kuti Filimoni akanaikidwa popanda nyimbo, popanda pemphero, ngati munthu wotoledwa m'njira.

Ndikuuzeni kumene zinachokera. Filimoni anali mkulu wa mpingo, wolalikira Chichewa chenicheni, osati cha ana athuwa chosakaniza ndi Chishona. Kenako dzenje linagumukira mwana wake wachisamba ku Battlefields, kumene anyamata amakumba golide m'migodi yakale. Anagwada pakamwa pa dzenjelo masiku atatu, akupemphera mokweza, anthu akumuona. Tsiku lachinayi mwanayo anamutulutsa atafa. Filimoni anabweza makiyi a tchalitchi, nati walankhula mokwanira ndi munthu wosamva. Anabwerera kudambwe, kumene bambo athu anatilowetsa tili anyamata pa komboni ya mgodi, n'kukhala woimba ng'oma za gule zaka zisanu ndi ziwiri. Mpingo unamudula. Ine ndinamukalipira mpaka msewu wonse unamva, koma sizinathandize.

Chinamubweza ndi maliro ena. Mnyamata wina wopanda mpingo anafera m'dzenje, ndipo pamanda panalibe wopemphera. Mayi wake anamugwira Filimoni malaya, nati, inu paja kale munkadziwa. Filimoni anandiuza pambuyo pake kuti anatsegula pakamwa kuti akane, koma chinatuluka ndi pemphero, lokangana ndi Mulungu ngati mwana ndi bambo ake. Lamulungu lotsatira anali pa benchi ya kumbuyo. Akulu anati ayambirenso kalasi. Anakhala zaka zitatu pakati pa ana a sukulu, mutu uli mbuu ndi imvi, akuloweza katekisimu amene iye mwini ankaphunzitsa. Atafuna kumubwezera ukulu, anakana. Koma dzenje likagumuka kulikonse, kuyambira Battlefields mpaka Chegutu, woyamba kufika kwa anamfedwa anali iye, ndipo sankauza munthu kuti asalire.

Kutacha, amayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba, migolo itatu, ya nsima, imene kuno amati sadza, ndi ya kabichi. Anthu anayamba kufika. A ku komboni ya Ingezi anabwera wapansi, a m'mafamu pa thirakitala, anyamata a golide ndi nsapato zawo za matope ofiira. Achinyamata ankandipatsa dzanja n'kumati nematambudziko, kupepesa maliro m'Chishona, ine n'kumawayankha m'Chichewa, amve asamve. Cha m'ma naini lole inaima pakona. Anatsika amuna khumi ndi awiri, agule aja, ndipo onsewo ndinawadziwa. Nyimbo m'nyumba inazilala. Abusa anaima pakhomo, Baibulo lili m'khwapa.

Ndinapita ndekha kukakumana nawo. Mkulu wawo ndi nkhalamba ya diso limodzi, tinalowa nayo dambwe limodzi. Ndinamufunsa mokweza kuti aliyense amve.

"Achimwene, ng'oma zili kuti?"

"Mukukuwa chiyani ngati muli pansi pa mgodi?" anatero. "Kwerani muone."

Ndinaponda pa tayala ndi maondo angawa. M'lolemo munali mafosholo ndi nkhuni basi. Nkhalamba ija inapita kwa abusa n'kuvula chipewa. Inati Filimoni pobwerera ku tchalitchi sanazembe ngati mmene amachitira ena. Anapita kukatsanzika masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuwauza kuti pa maliro ake asadzabwere ndi gule. Ndipo zaka zonsezi sanawatukwanepo, sanaululenso za kudambwe.

"Munthuyu ndi wa Yesu, ife tikudziwa," inatero. "Tangopempha tinyamuleko bokosi."

Akulu ena a mpingo ankapukusa mitu. Kenako abusa anayankha m'Chishona chawo, kuti bokosi lili ndi mbali ziwiri.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Kumanja kwa bokosi kunali akulu a mpingo, kumanzere agule ovala majekete ngati anthu ena onse. Patsogolo amayi a mvano, zoyera zawo zitafiira ndi fumbi. Galimoto ya maliro inatitsata pambuyo yopanda kanthu, chifukwa anyamata a golide anati munthu amene ankawayendera wapansi, iwonso amuperekeza wapansi. Ogulitsa pamsika anaimirira, ndipo a kubhawa anatuluka zipewa zili m'manja. Ine ndakhala mu Kadoma muno chibadwire, ndaika maforomani, ndaika eni mabasi, koma mzere wotere sindinauonepo. Wotsutsa abwere adzandiuze pamaso.

Pamanda analankhula mayi uja amene anamugwira malaya, wakalamba tsopano. Sanachulukitse. Anangoti munthu uyu anapempherera mwana wanga iye mwini ali wokwiya ndi Mulungu. Abusa analalikira za wophunzira uja amene anakana Mbuye wake katatu, pambuyo pake n'kupatsidwa nkhosa kuti adyetse. Ine ndili chiimire pamenepo ndinaganiza za ine mwini. Mu tchalitchi sindinachokemo ngakhale chaka chimodzi, ndipo ndimanyada nazo. Koma ana anga onse ali moyo. Sindidziwa ndikanatani pakamwa pa dzenje lija. Mng'ono wanga anagwa anthu akuona, anadzuka anthu akuona, ndipo chimene anadzuka nacho chinali cholimba kuposa changa. Ndanena, ndipo sindibweza.

Pokwirira, agule ndi akulu a mpingo ankalandizana mafosholo, amayi akuimba osalekeza.

Madzulo mphepo inaleka. Lole inapita, thirakitala inapita, pabwalo panatsala phulusa ndi njerwa zakuda. M'nyumba mipando inali isanabwezedwe. Mlamu wanga, mkazi wa malemu, anakhala pamphasa atatsamira khoma, azibale ake akuwodzera pambali. Ndinalowa n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Alamu," anatero, "amuimbira."

"Amuimbira," ndinatero, "mpaka fosholo yomaliza."

Anagwedeza mutu. Kenako anapempha tiyi, chinthu choyamba kulowa m'kamwa mwake chichokereni ku Chegutu.