Tsiku Limene Madoda Anayeza Diresi la Achemwali

Ndikukumbukira kwathu ku Nselema, ndili Sitandade 3, achemwali anga a Patuma atabwera kuchokera kuchigayo opanda ufa. Diresi linali litang'ambika paphewa, m'tsitsi muli chisoso. Anauza mayi kuti mnyamata wa chipani, mmodzi mwa aja ankaima pamsika kufunsa anthu makadi a chipani, anawakokera m'munda wa chimanga n'kuwagwirira.

M'mawa mwake amalume anaitanitsa madoda pansi pa mtengo wa mango. Anthu a ndevu zawo. Ine ndinkaganiza kuti atuma munthu akamutenge mnyamatayo. Iyayi. Dzina lake analizemba ngati la apongozi.

Masiku amenewo boma linali litaletsa akazi kuonetsa mawondo, ndiye madoda aja anapeza pobisala. Analamula achemwali kuti avale diresi lomwelo, aime pakati pa bwalo. Mkulu wina anathyola phesi n'kuyamba kuyeza pabondo. Anakangana ngati akugula mbuzi, uyu akuti nsalu yafika, uyo akuti yaperewera. Diresilo linali la chaka chapitacho, mwana anangokula basi. Achemwali anangoima, maso ali pa mango owola amene ntchentche zinkazungulira.

Chigamulo chinali chakuti asiye sukulu, akhale pakhomo kufikira atapezeka mwamuna wowakwatira, nkhani ithere pomwepo. Bambo anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinawaona ndi maso angawa.

Mayi anadzuka pamphasa, anamasula chitenje chapamwamba n'kufunditsa mwana wawo. Kenako anatembenukira amalume.

"Nsalu mwamaliza kuyeza, achimwene. Nanga amene anaing'amba mumuyeza liti?"

Wina anatsokomola. Wina anakumbukira kuti mbuzi zake sanazimasule. Bwalo linatha ngati msika wogwa mvula.

Lolemba mayi anagwira achemwali padzanja ulendo wa kusukulu. Panali kanjira ka kuseri, koma iwo anadutsa pamsika penipeni, pomwe mnyamata uja ankaima. Anamuyang'ana m'maso osaphethira. Anachita zimenezi m'mawa uliwonse mpaka iye ndiye anayamba kuzolika akawaona akubwera. Usiku achemwali akadzidzimuka kutulo, mayi ankangowasisita pamsana, osawafunsa kanthu.

Mnyamatayo sanamangidwe. Anakalamba bwinobwino, akupatsidwa moni ndi manja awiri. Koma achemwali sukulu anamaliza, ndipo anaphunzitsa ana a anthu ku Balaka mpaka imvi, kuphatikizapo zidzukulu za mkulu wa phesi uja.

Lero pa wayilesi amati mwana akachitidwa zotere tithamangire naye kuchipatala ndi kupolisi, timukhulupirire, tisamuchititse manyazi. Ndi zoona, ndipo wobisa nkhani yotere pakhomo panga sapondapo. Koma ndikaona amuna anzanga akuwombera m'manja mawu amenewa ngati nzeru yatsopano yobwera pa galimoto, ndimangowayang'ana. Mayi anga sanadikire wayilesi.